Adokotala ndi loboti anagwira bwino ntchito, koma wodi yausiku inandisiya ndekha

Papita miyezi inayi chichotsedwereni chiberekero pachipatala china cholipira kuno ku Johannesburg, ndipo ndadikira dala kuti mtima uyambe wakhala pansi ndisanalembe ndemangayi. Vuto langa linali zotupa za m'chiberekero, zimene zinanditayitsa magazi ambiri mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu, mpaka magazi anachepa m'thupi moti kukwera masitepe a kuntchito kunkandithetsa mpweya. Ndili ndi zaka 46 ndipo nkhani yobereka ndinathana nayo kale, choncho adokotala atanena kuti njira yabwino ndi kuchotsa chiberekero chonse ndi makina a loboti otchedwa da Vinci, sindinavute. Ndalama zapamwamba zija, zimene medical aid yanga (inshulansi ya zachipatala) inakana kulipira chifukwa ndinasankha loboti, ndinazipereka ndekha, ndipo zinatsala pang'ono kufanana ndi malipiro anga a miyezi iwiri.

Pa opaleshoni yeniyeniyo ndilibe dandaulo. Amayi anga ku Zomba atamva za loboti anachita mantha poganiza kuti chitsulo ndicho chidzandicheka chokha, koma zoona zake n'zakuti adokotala amakhala pampando m'chipinda chomwecho, akuyang'ana m'mimba kudzera pa kamera imene imakuza zinthu, ndipo mikono ya makinawo imangotsatira zala zawo. Anandiboola malo anayi pamimba, lililonse losafika kukula kwa chikhadabo cha chala chachikulu, chiberekero anachitulutsira kunjira yoberekera, ndipo ziwalo zopanga mazira anazisiya kuti thupi lisasinthe mwadzidzidzi ngati la mayi wosiya kusamba. Ndinatsitsimuka nkhope itatupa pang'ono, chifukwa pa opaleshoni yotere amakugoneka mutu utapendekera pansi, ndipo pofika madzulo ndinali nditamwa tiyi.

Chimene chandilembetsa ndemangayi ndi usiku umene unatsatira. Cha m'ma 1 koloko ndinadzidzimuka ndi ululu woopsa paphewa la kumanja, wolasa ngati mkondo, umene unkatsikira pansi pa nthiti ndikati ndikoke mpweya. Pamimba, pamene ndinkayembekezera kumva kuwawa, panali zii. Bambo anga anamwalira ndi matenda a mtima, ndiye maganizo anga onse anathamangira kumeneko, ndipo ndinakhulupirira ndithu kuti sindiona kuwala kwa m'mawa. Ndinaliza belu katatu ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo panadutsa mphindi zoposa 40 namwino asanafike. Atafika sanayatse nyali, sanandigwire, sanandipime kuthamanga kwa magazi kapena kufunsa mmene ululuwo unayambira. Anaima chakumapazi kwa bedi, foni ili m'manja, n'kundiuza kuti odwala a loboti samva kuwawa, kuti m'wodimo muli amayi ong'ambidwa mimba yonse amene akugona mwakachetechete, ndiponso kuti nthawi ya mankhwala ena ikwana 6 koloko. Nditamuuza misozi ili chuchuchu kuti ndikulephera kupuma bwino, anayankha kuti amenewo ndi mantha chabe, kenako anatseka chinsalu n'kuchoka. Ndinakhala tsonga pabedipo maola asanu, paipi ya mkodzo ikundikoka, ndikuopa kugona chagada, ndikuopanso kuliza belu kachinayi kuti ndingakalipidwe ngati mwana. Mng'ono wanga, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzandidwazika, anali atabwezedwa madzulo ati chifukwa malamulo salola wodikirira kugona m'wodi. Munthu amene wakulira ku Malawi amadziwa kuti wodwala sasiyidwa yekha usiku, ndipo kusiyidwa choncho pamalo amene ndinalipira ndalama zochuluka chonchi kunandipweteka kuposa phewalo.

M'mawa mwake, mayi wothandiza odwala kuyenda ndi kulimbitsa thupi anandimasulira zonse m'mphindi ziwiri zokha. Pa opaleshoni yoboola amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti ifufume ndipo adokotala aone bwino, ndipo mpweya wotsalira umanyerenyesa mnofu umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba, umene mtsempha wake umachititsa kuti ululu uzimvekera paphewa. Anandiuza kuti zimenezi zimachitikira amayi ambiri, kuti zimatha pakapita masiku ochepa, ndiponso kuti kuyendayenda pang'ono ndi kuika chinthu chofunda paphewa kumathandiza. Anandigwira mkono n'kuyenda nane m'khonde kawiri, ndipo ululuwo unayambadi kuphwa. Funso limene lidakali mumtima mwanga ndi lakuti, ngati nkhaniyi ndi yodziwika chonchi, n'chifukwa chiyani namwino uja sanathe kunena chiganizo chimodzi chokha, ndipo n'chifukwa chiyani kabuku kowala ka chipatalacho kofotokoza za opaleshoniyi, kodzaza ndi zithunzi za amayi omwetulira, sikanatchulepo chilichonse? Pofika 10 koloko anali atandipatsa kapepala kamodzi ka malangizo ndi thumba la mapiritsi, ndipo wa muofesi anali ataimirira kale pakhomo kufunsa ngati galimoto yonditenga yafika.

Komabe ndikanama nditanena kuti ndalama zanga zinapita m'madzi. Pa tsiku lachitatu ndinkasamba ndekha, pa tsiku lachisanu ndinkazungulira pabwalo la nyumba, ndipo sabata isanathe ndinasiya mapiritsi amphamvu aja amene ankandimanga m'mimba. Mkulu wanga anachotsedwa chiberekero mong'amba mimba zaka zapitazo, ndipo ndimakumbukira mmene ankayendera atawerama kwa milungu ingapo, akugwira bala ndi manja awiri akafuna kutsokomola. Ine zimenezo sindinazione, ndipo zipsera zanga panopa zimaoneka ngati malo olumidwa ndi udzudzu.

Kuchira msanga kwa kunjaku ndi kumene kunandipusitsa, ndipo apa ndikulankhula ndi mayi aliyense amene akuganiza za opaleshoniyi. Mabala a pamimba ndi aang'ono, koma bala lalikulu lili m'kati, pamene anasoka pamwamba pa njira yoberekera atachotsa khomo la chiberekero, ndipo limeneli silioneka ndiponso silipola m'masiku ochepa. Pa tsiku la 12 ndinadzimva kuti ndili bwino, ndinanyamula beseni la zochapa zonyowa kupita nalo pachingwe, ndipo madzulo ake ndinaona magazi ofiira. Ndinaimbira nambala ya wodi imene inali pakapepala kaja, koma foni inangolira. Ndinatumiza uthenga kuofesi ya adokotala, ndipo pasanathe theka la ola anandiimbira okha, ngakhale linali Loweruka, n'kundiuza kuti ndifike m'mawa mwake. Anandipima osandilipiritsa, anapeza kuti ulusi sunamasuke, ndipo anakhala nane pansi kundifotokozera modekha kuti timagazi pang'ono timatha kuoneka ulusi ukayamba kusungunuka, koma kuti kwa milungu 6 ndisanyamule cholemera, ndipo za m'banja tidikire mpaka iwo atandipimanso n'kuvomereza. Nditawauza za usiku uja anagwira pakamwa, anapepesa ngakhale kuti sanali olakwa, ndipo mkwiyo wanga wambiri unathera m'chipinda chimenecho.

Ndinabwerera kuntchito sabata yachisanu, ngakhale kuti kutopa kwa masana kunapitirira mpaka mwezi wachitatu. Magazi anabwerera m'malo mwake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu ndavala diresi yoyera kutchalitchi popanda kutembenuka kuyang'ana pampando ndikaimirira. Adokotalawa ndingatumizeko mng'ono wanga popanda kukayika, ndipo loboti ndingaisankhenso, koma ndisanasayine chilichonse ndingafunse kuti ululu wausiku amausamalira bwanji, kuti wodikirira angagone pafupi kapena ayi, ndiponso kuti ndi nambala iti imene imayankhidwadi munthu akatuluka. Kalata yodandaula za namwino uja ndinaipereka kuofesi ya akuluakulu a chipatalacho sabata yachitatu, ndipo kufikira lero chimene ndalandira ndi uthenga wa pafoni wondipempha kuti ndiwapatse nyenyezi zisanu.