Timabokosi toyendetsa masikirini a m'masitolo: zimene ndaona patapita chaka ku Mzuzu

Kampani yaing'ono yogulitsa zipangizo zaulimi ndi zomangira, imene ndimaisamalira makompyuta, inapachika masikirini m'masitolo ake a m'tauni, ku Luwinga, ku Katoto ndi ku Chibavi kuti mitengo ndi zotsatsa zizisinthidwa kuchokera ku ofesi imodzi m'malo momata mapepala pakhoma. Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba la feteleza kapena la simenti sukhalitsa, ndipo zinkachitika kuti sitolo imodzi ikugulitsa pa mtengo wadzulo pamene inzake yasintha kale. Kuseri kwa sikirini iliyonse kuli kabokosi kotumiza zithunzi ndi mavidiyo pa sikiriniyo, kamene timakatcha pleya, ndipo ndi timabokosi timeneti timene ndikufuna kunenapo, popeza tsopano tapirira nyengo yonse ya mvula, ya chisanu ndi yotentha.

Pogula tinakana njira imene ogulitsa ambiri amaikonda, yoti pleya, seva (kompyuta yosungira zoonetsa, kumene mapleya amakazitenga) ndi pulogalamu yokonzera zithunzi zonse zikhale za kampani imodzi ndipo munthu uzilipira mwezi ndi mwezi pa sikirini iliyonse. Tinasankha mapleya omva SMIL ndi HTML5 (njira yolembera masamba a pa intaneti). SMIL ndi muyezo umene bungwe la W3C, lokhazikitsa miyezo ya masamba a pa intaneti, linatulutsa mu 1998, ndipo mtundu wake wachitatu unatuluka mu 2008. Kwenikweni ndi fayilo ya malemba wamba imene imauza pleya kuti ionetse chiyani, pambali iti ya sikirini, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati zinthuzo zitsatane kapena zionekere limodzi. Pleya imangopatsidwa adiresi ya fayiloyo, n'kumakaiona pakapita mphindi zingapo. Ikapeza kuti yasintha, imakoka zithunzi ndi mavidiyo atsopano n'kuzisunga mkati mwake. Makampani monga IAdea a ku Taiwan amapanga mapleya otere, ndipo palinso pulogalamu yaulere ya garlic-player imene munthu angaiike pa Linux, Windows kapena Android. Ife tili ndi mitundu itatu: mapleya opangidwira ntchito yomweyi, timakompyuta ta Raspberry Pi 4, ndi kabokosi kamodzi ka Android kotchipa, kopanda ndi dzina lomwe, kamene tinagula mwachangu sitolo ya ku Chibavi itatsegulidwa.

Phindu la chisankho chimenechi silinaoneke pa tsiku loyamba, chifukwa chithunzi cha thumba la mbewu chimaoneka chimodzimodzi kaya pleya ndi yotani. Linaoneka pakati pa chaka, pamene amene ankatisungira ndandanda ya zoonetsa pa seva yawo yakunja anakweza mtengo, ndipo kupeza madola olipirira kudzera kubanki kunasanduka ntchito payokha. Abwana anandifunsa ngati tiyenera kutsitsa zonse n'kuyambiranso. Yankho linali lakuti ayi. Ndinakonza seva yathuyathu, n'kuikapo mafayilo a SMIL, zithunzi ndi mavidiyo, kenako ndinayendera masitolo n'kusintha mzere umodzi wa adiresi m'kabokosi kalikonse. Palibe chipangizo chimene chinatayidwa. Tikanakhala kuti tinagula mapleya omva seva ya mwini wake yekha, timabokosito tikanatsala ngati loko wopanda kiyi, ndipo ndalama zonse zimene tinalowetsapo zikanapita pachabe.

Chachiwiri chimene chandikhutiritsa ndi kusadalira intaneti nthawi zonse. Awiri mwa masitolo athu amayendera rauta ya simu kadi, ndipo bandulo ikatha Loweruka palibe amene amaikumbuka mpaka Lolemba. Masikirini saima, amangopitiriza kuonetsa zimene anasunga. Pamafunika kusamala ndi kukula kwa mavidiyo basi, chifukwa vidiyo yojambulidwa pa foni n'kutumizidwa momwemo imadya bandulo yambiri, popeza sitolo iliyonse imaikoka payokha. Ndimayamba ndaichepetsa ndi pulogalamu ya HandBrake, ndipo pa sikirini ya mainchesi 43 yoonedwa ndi munthu amene waima pa kauntala kusiyana kwake sikuoneka.

Vuto lalikulu lakhala wotchi, ndipo aliyense wofuna kuchita ntchito imeneyi kuno alimvetse bwino asanagule. Ndandanda yathu imayendera nthawi: mmawa mitengo ya mbewu ndi feteleza, popeza alimi a ku Ekwendeni ndi ku Mpherembe amalawira, masana zomangira, madzulo uthenga wa maola otsegulira sitolo. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi ya batire mkati mwake. Ikayaka imayambira pa nthawi imene inasunga isanazime, n'kudikira intaneti kuti iikonze. Tsono magetsi akathima usiku n'kubwera mmawa, kabokosi kamayaka msanga kuposa rauta, ndipo ngati bandulo yathanso kamakhala tsiku lonse kakuganiza kuti kudakali usiku. Ku Katoto ndinapezapo sikirini ikulengeza kuti sitolo yatsekedwa, tikumane mawa, pamene anthu ali pamzere atanyamula malisiti m'manja, ndipo mayi wa pa kauntala anali ataphimba theka lake ndi katoni kuti makasitomala asiye kumufunsa. Mankhwala ake ndi kachipangizo ka wotchi ka DS3231 kokhala ndi batire longa ndalama yachitsulo, kamene kamalumikizidwa pa mapini a bolodi ya Raspberry Pi, ndiponso kuonetsetsa kuti dera la nthawi laikidwa pa Africa/Blantyre, apo ayi zonse zimatsalira ndi maola 2. Raspberry Pi 5, imene inatuluka mu 2023, ili ndi wotchi kale ndipo imangofuna batire. Mapleya opangidwira ntchitoyi sanandivutitsepo pa nkhani imeneyi.

Kuthima kwa magetsi kumawononganso memori kadi ikakhala kuti imalembedwa pa nthawiyo. Titataya makadi awiri otchipa, ndinatseka gawo la pulogalamu kuti lisamalembedwenso, zosungidwa zonse n'kuzisamutsira pa fulashi, ndipo chichokereni pamenepo sitinaonenso sikirini yakuda ya malemba oyera. Pa soketi iliyonse tinaikapo TV gadi, chifukwa kubwera kwa magetsi n'koopsa kuposa kupita kwake. Kutentha sikunakhale nkhani. Mzuzu ndi wozizira, ndipo ngakhale mu Okutobala timabokosi topanda fani tinkangofunda pang'ono.

Ndiyenera kunenanso kuti muyezo kukhala wotseguka sikutanthauza kuti mapleya onse amachita zofanana. Wopanga aliyense amatengako gawo la SMIL limene walikonda n'kuwonjezerapo zake. Zinthu zikuluzikulu, monga kutsatana kwa zithunzi ndi kugawa sikirini m'zigawo, zimayenda paliponse, koma malamulo obwereza ndandanda pa masiku ena a sabata, kapena kasinthidwe kochoka pa chithunzi china kupita pa china, ndinapeza kuti pleya ina imawamva pamene ina imangowadumpha osanena kanthu. Kabokosi kotchipa kaja ndiko kanali kamakani kwambiri: tsamba la mitengo la HTML5 linkatuluka mizere itapindika chifukwa bulawuza yake (pulogalamu yotsegulira masamba) ndi yakale ndipo sikalandira zokonza. Kanalinso ndi khalidwe lina. Mauthenga athu ambiri timalemba m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo paliponse pamene panali chilembo cha ŵ iko kankaonetsa kachizindikiro ka ngodya zinayi kopanda kanthu, mpaka nditaika fonti (mtundu wa zilembo) ya Noto Sans pa seva pomwepo kuti tsamba lizibwera nayo. Lero ndimalemba ndandanda imodzi yosavuta imene mapleya a mitundu yonse itatu amaimva, ndipo zokongoletsa ndinazisiya.

Kuyatsa ndi kuzimitsa TV kudzera pa HDMI-CEC (njira imene pleya imalamulira TV kudzera pa chingwe cha HDMI) kumagwira pa ma TV ena, pa ena ayi, malinga ndi mtundu wa TV. Pa amene akukana, wotsegula sitolo amagwiritsa ntchito limoti.

Pa ndalama, Raspberry Pi imaoneka yotchipa pogula, koma ukaphatikiza chaja yabwino, kesi, kadi yolimba, wotchi ndi maola amene ndakhala ndikuikonza, kusiyana kwake ndi pleya yopangidwira ntchitoyi kumachepa kwambiri. Njira yotsegukayi imafunanso munthu wodziwa kuwerenga fayilo ya SMIL ndi kusamala seva, chifukwa palibe nambala ya foni yoimbira zikavuta. Kwa mwini golosale imodzi amene akufuna kuonetsa zithunzi zochepa, fulashi yolowetsa kuseri kwa TV ndi yokwanira. Amene safuna kulemba mafayilo pamanja angayang'ane Xibo kapena Anthias, amene ndi mapulogalamu otseguka okhala ndi tsamba lokonzerapo ndandanda, ngakhale kuti iwowa amayenda m'njira yawoyawo osati ya SMIL.

Kampani ikukonza zotsegula sitolo ina ku Karonga, kumene kutentha kudzayesa timabokositi kuposa kuno. Pa mndandanda wa zogula umene ndapereka kwa abwana ndalembapo pleya yomva SMIL yokhala ndi wotchi ya batire, ndi inanso yachiwiri yolowa m'malo mwa kabokosi ka ku Chibavi.