Kubwereza kafukufuku ndendende kapena kumuyesa kwathu kuno?

Anzanga amene mukusaka mutu wa masters pa zamaphunziro, musaope akamati kubwereza kafukufuku wa munthu wina ndi ulesi. Mu 2014 akatswiri awiri, Makel ndi Plucker, anafufuza ma journal (magazini osindikiza kafukufuku) 100 apamwamba a zamaphunziro, anapeza kuti 0.13% yokha ya nkhani zake ndi yobwereza. Ndiye taganizani, mwina zambiri zomwe timakauza aphunzitsi ku ma wekishopu zinayesedwa kamodzi basi.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya ndendende, mayeso omwewo, ana a msinkhu womwewo, masabata omwewo. Ubwino wake ukapeza zosiyana umakhala ndi poyambira kukayikira kuti mwina woyambayo anangochita mwayi. Koma kalasi si labu abale. Pepala la kafukufuku woyambayo likuti mphunzitsi azifika pa gulu lililonse, iwe uli mu Sitandade 2 ya ana opitirira 100 atakhala pansi mothithikana, ngakhale poponda phazi palibe, mvula ikabwera pa malata simumvana, ndendende wakeyo achokera kuti? Komanso olemba ambiri saika mafunso awo onse poyera, ukalemba imelo kupempha kumangoti zii.

Yachiwiri umatenga ganizo lomwelo n'kukaliyesa kwina. Iyi ndiye imandigwira mtima. Ku Kenya aphunzitsi a kontrakiti anaoneka kuti akuthandiza m'masukulu a kumadzulo kwa dzikolo, kenaka atayesanso m'zigawo zonse, komwe ankayendetsa a World Vision ana anakhoza bwino kuposa kale koma komwe linkayendetsa boma sipanasinthe kanthu. Ganizo limodzi, woyendetsa wosiyana. Zimenezi pobwereza ndendende sukanaziona. Pulogalamu ya Catch Up ya ku Zambia nayo ndi njira ya bungwe la Pratham la ku India yogawa ana potengera zomwe akutha kuwerenga osati kalasi yawo, anayamba kuiyesa m'masukulu ochepa kaye isanafalikire.

Vuto lake zikakanika sudziwa chalakwika n'chiyani, kaya ganizolo ndi labodza, kaya chilankhulo, kaya ana theka anajomba nthawi yolima.

Ine ndingasankhe yachiwiriyi koma musinthe chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale momwe zinalili. Ndipo lembani zomwe mukayeze musanapite ku sukulu, supavaiza asayine, kuti mukabwerako ndi zotsatira zoti palibe kusintha mudzazilembe choncho osayamba kusakasaka kanambala kosangalatsa.