Zaka zitatu ndi Laravel, mmene ndayionera

Mwana wa achemwali anga wamaliza kumene sukulu ya makompyuta ndiye sabata yonseyi wakhala akundigogoda pa WhatsApp kuti ankolo ndigwire chilankhulo chiti cholembera mapulogalamu, Python, JavaScript kapena PHP, poti anzake akumuuza kuti PHP inafa kalekale. Ndamuyankha zidutswazidutswa mpaka ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi mmene ine ndayionera Laravel, imene ndi framework ya PHP, kutanthauza maziko okonzeka kale omangirapo mapulogalamu a pa intaneti, pa zaka zitatu zimene ndakhala ndikudyera momwemo.

Ndinene kaye zimene ndapanga nayo kuti musaganize kuti ndikungolankhula za mmutu. Sistimu ya fizi ya sukulu ina ya pulaiveti, sistimu ya stoko ya shopu ya hadiweya, ndi kena kakang'ono kolembera ngongole ndi masheya a gulu la banki mkhonde limene linakula mpaka kope linasiya kukwana. Si zinthu zikuluzikulu ayi, koma ndi zimene makasitomala ambiri kuno amafuna ndipo ndi zimene zimabweretsa ndalama ya lendi.

Za kufa kwa PHP zija musamve. Chilankhulochi anachiyambitsa Rasmus Lerdorf mu 1995 ndipo zoona kale chinali chosokonekera, anthu ankasakaniza HTML, SQL ndi mapasiwedi mu fayilo imodzi, ndiye mbiri yoipa inachokera kumeneko. Koma PHP 7 itatuluka mu 2015 liwiro linasintha kwambiri, PHP 8 ya 2020 inabweretsanso zambiri zokonza, ndipo WordPress mpaka lero imayendera PHP yomweyo. Laravel anailemba Taylor Otwell mu 2011 ndipo ndi imene inandiphunzitsa kulemba PHP yaukhondo.

Chimene chinandigwira mtima poyamba si kukongola kwa code ayi, ndi hosting, malo a pa seva oikapo sistimu yako kuti izioneka pa intaneti. Apa ndiye pamene matutoriyo a pa YouTube sakuuzani chifukwa amene amawapanga ali ndi khadi yoti akangoidina madola atuluka. Ife kuno forex ndi nkhani, kasitomala wako ndi ahedi a sukulu kapena bambo a shopu amene akufuna kulipira kamodzi pachaka mu makwacha alandire lisiti basi, ndiye ukawauza kuti seva ndi madola mwezi ndi mwezi amakuyang'ana ngati wawapempha ng'ombe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense amene anali ndi VPS, seva yakeyake yobwereka, yolipira madola anaimva kuwawa, bilu yomweyo yangodumpha pa makwacha ndipo kasitomala sakufuna kumva zoonjezera. PHP imayenda pa shared hosting (seva imodzi yogawana anthu ambiri) iliyonse yokhala ndi cPanel, peji yoyendetsera hosting ija, database ya MySQL ili pompo, phpMyAdmin yoiyang'anira ili pompo, ukweza mafayilo, ukonza fayilo ya ma setting ya .env, zayamba. Ma cPanel ena ali ndi malo oikira app ya Python kapena ya Node, ndayesapo, zimatheka, koma pamakhala kulimbana kwambiri ndipo zikavuta a sapoti ambiri amadziwa PHP kuposa zinazo.

Mkati mwakemo zimene ndimakonda ndi migrations. Kale ndinkapanga matebulo pamanja mu phpMyAdmin kenako nkuiwala kuti pa laputopu ndaonjezera column koma pa seva sindinaonjezere. Pano chilichonse chosintha pa database chili mu fayilo, ukangolemba php artisan migrate zonse zalowa mwandondomeko. Eloquent, njira ya Laravel yolankhulira ndi database, nayo ndi yokoma, wophunzira ali ndi malipiro ambiri, malipiro ali ndi teremu yake, umalemba mizere yochepa ndipo munthu wina akawerenga amamva chimene chikuchitika. Login, kuiwala pasiwedi, validation, kuteteza ma form, zonsezi zilipo kale sukuyambira pa ziro. Ndiye pali Filament, iyi ndi phukusi lopangira admin panel, sistimu ya stoko ija mbali yolowetsa katundu ndinaimaliza masiku ochepa chifukwa cha iyoyo.

Za mobile money, poti palibe kasitomala amene safunsa za Airtel Money ndi Mpamba masiku ano. Laravel ili ndi HTTP client yake yolankhulira ndi API ya amene akukudutsitsira malipiro, ndipo kulandira callback, uthenga umene iwowo amatumiza ku sistimu yako munthu akalipira, ndi kosavuta, bola ukumbuke kuti route imeneyo isakhale pansi pa chitetezo cha ma form chija amati CSRF apo ayi uzingolandira error 419 osadziwa kuti chavuta nchiyani. Komanso callback imatha kubwera kawiri, ndiye sunga nambala ya transaction ndipo uziyang'ana kaye usanalembe kuti kholo lalipira, nkhani ya ndalama za anthu siyofunika kuithamangira.

Tsopano zovuta zake, chifukwa zilipo ndithu.

Shared hosting yomwe ndaitama ija Laravel sinapangidwire kwenikweni. Foda ya public ndi imene imayenera kuoneka pa intaneti yokha, zina zonse zikhale kuseri, koma anthu ambiri amangotaya project yonse mu public_html ndiye fayilo ya .env yokhala ndi pasiwedi ya database aliyense atha kuitsegula. Izi zimandiopsa kwambiri ndipo ndaziona pa masistimu amene ndinapatsidwa kuti ndikonze. Queue, mzere wa ntchito zochitikira kuseri monga kutumiza SMS, nayo imafuna worker, kapulogalamu koyenda nthawi zonse, pa shared hosting sakulola, ndiye umazembera pa cron job, lamulo limene seva imayendetsa yokha mphindi iliyonse. Zimagwira ntchito koma SMS ya lisiti imatha kuchedwa pang'ono. Ngati hosting yako ilibe SSH yolembera malamulo pa seva ndiye konzekera kukweza foda ya vendor yonse, mmene mumakhala maphukusi, mu zip.

China ndi ma version. Kuyambira Laravel 9 mu 2022 amatulutsa yatsopano chaka chilichonse, ndipo iliyonse amaipatsa zokonza za chitetezo kwa zaka ziwiri basi. Kwa kampani yaikulu si nkhani, koma kasitomala amene analipira kamodzi samvetsa kuti sistimu ikuyenda bwinobwino nanga ukufunanso ndalama ya chiyani. Laravel 11 inafuna PHP 8.2 ndipo inasintha malo a zinthu, Kernel.php imene matutoriyo akale amakuuza kuti utsegule kulibenso, zinapita mu bootstrap/app.php, ngakhale routes/api.php umachita kuiitanitsa ndi php artisan install:api. Wophunzira amene akutsatira vidiyo ya zaka zinayi zapitazo amasokonezeka pompo, ndiye werengani documentation ya version yanu, ndi yolembedwa bwino kwambiri ndipo ndi yaulere.

Komanso imabisa zambiri. Munthu atha kupanga sistimu yonse osadziwa SQL, mpaka tsiku limene sukulu yafika ana mazana angapo ndipo peji ya malipoti yayamba kukwawa chifukwa loop ikufunsa database kamodzi pa mwana aliyense, ija amati N+1. Mankhwala ake ndi with() basi, mawu amodzi, koma ngati sunaphunzire SQL sungadziwe kuti matenda ali pati. Ndiye bandulo: composer install yokokera maphukusi a PHP siidya kwambiri, koma ukafika pa npm install chifukwa cha Vite ndi Tailwind, zida zokonzera maonekedwe a peji, data imapita ndithu, ndipo netiweki ikaduka pakati umayambiranso. Laracasts ya mavidiyo ophunzitsa ndi Forge yokonzera seva ndi zabwino koma mbali yaikulu ndi yolipira madola.

Sindikunyoza zinazo ayi. Django, framework ya Python imene inabadwira ku nyuzipepala ina ku Lawrence, Kansas ndipo inatuluka mu 2005, imabwera ndi admin yake yokonzeka kale, ndipo ngati mtima wako uli ku data, ma dashboard a mabungwe, kusanthula manambala, Python ikutengera kutali kuposa PHP. Node.js ya Ryan Dahl ya 2009, imene imayendetsa JavaScript pa seva, ndi yabwino pa zinthu zofuna kuyankha pompopompo ngati chat kapena kutsatira njinga ya delivery pa mapu. Ruby on Rails nayo ili ndi mbiri yake kuno, a Baobab Health anaigwiritsa ntchito pa masistimu a m'zipatala aja a touchscreen, ndipo DHIS2 imene a zaumoyo amalowetsamo malipoti ndi ya Java. JavaScript yokha ndiye simungaithawe, kaya kumbuyo kuli PHP kaya Python, mu browser muli iyoyo.

Chimene chinandikhazika pa Laravel mpaka pano ndi funso limene ahedi a sukulu ija anandifunsa tsiku lopereka sistimu, anati nanga inu mukadzapita ku Joni kapena mukadzadwala sistimu imeneyi adzatikonzera ndani. Ndinatha kuwayankha mosanama kuti anyamata ndi atsikana odziwa PHP alipo ambiri ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ndipo poti Laravel ili ndi malo ake oikira chilichonse, ma controller uku ma model uku, wina akatsegula project yanga sasochera. Ndikanalemba mu chilankhulo chimene ndimachidziwa ndekha mtauni muno ndikanawamangirira kwa ine, ndipo zimenezo sindimaziona bwino.

Pa 10 ndikuipatsa 8. Ziwirizo ndachotsa chifukwa cha ma upgrade a chaka ndi chaka ndi mavuto a queue pa hosting yotchipa. Mwana wa achemwali uja ndamuuza kuti ayambe HTML, CSS ndi JavaScript pang'ono, kenako PHP yopanda framework ndi MySQL kwa miyezi iwiri alembe ma query ndi manja ake, akatero ndimupatsa mbali ya malipoti a sistimu ya stoko ija aipange mu Laravel, Loweruka lililonse tizikhala limodzi kuona code yake.