Soketi yolowa m'khoma kapena yokhala pamwamba pa khoma: ndagwiritsapo zonse ziwiri

M'nyumba mwanga muli masoketi a mitundu iwiri. Apabalaza analowa m'khoma nthawi yomwe tinkamanga. Awiri akukhitchini ndinachita kuwonjezera titalowa kale, ndipo ali pamwamba pa khoma ngati timabokosi ta sopo. Onse ndi amabowo atatu omwe timagwiritsa ntchito kuno ku Malawi, a 13 amp, magetsi ake ndi omwewo a 230 V ochokera ku ESCOM. Ketulo sidziwa kuti mwailumikiza pa soketi iti. Kusiyana kwake kuli pa khoma lanu komanso nthawi yomwe mwaganiza zoika soketiyo.

Ngati nyumba simunaipake pulasitala, musachedwe n'kuganiza, lowetsani m'khoma. Mmisiri amagoba kangalande ka paipi ya 20 mm yodutsamo mawaya, n'kugoba bowo la bokosi lomangirapo soketi, kenako pulasitala imakwirira zonse. Chotsala kunja ndi nkhope ya soketi yokha. Sofa imafika pafupi ndi khoma, mwana wokwawa alibe chogwira, ndipo fumbi silipeza pokhala. Soketi yapamwamba imatuluka masentimita angapo, ndiye imagundidwa ndi mipando. Yanga ina ili ndi mng'alu pakona chifukwa cha mpando wa khitchini.

Nyumba ikakhala yotha kale, yopaka penti, nkhani imasintha. Ine ndinaphunzirira pakhoma lolekanitsa pabalaza ndi kuchipinda. Khomalo ndi la njerwa imodzi yogoneka m'litali, kunenepa kwake masentimita 11 kapena kuposerako pang'ono. Mnyamata amene ndinamuitana kuti agobepo bowo la bokosi anatenga hamala yaikulu ndi tchizulo n'kuyamba kumenya ngati akuswa miyala. Atamenya kasanu ndi kamodzi tinangomva phofo, njerwa yathunthu yagwera kuchipinda, pamwamba pa dengu la zovala zochapa. Tinkaonana kudzera pabowo. Dothi lomwe anamangira njerwazo linali lofewa, ndiye njerwa inasankha kutuluka m'malo mosweka. Ndinagula simenti yomwe sinali m'bajeti, ndipo chigamba cha pulasitala chikuonekabe mpaka lero dzuwa likawomba cham'mbali.

Ndiye amene mwatsimikiza zogoba, kambiranani kaye za chida. Tchizulo ndi hamala n'zotchipa, sizifuna magetsi, ndipo fumbi lake ndi lochepa, koma zimagwedeza khoma lonse ndi kusiya bowo lokhadzuka m'mbali. Gilayinda imadula mizere yowongoka, tchizulo n'kungomaliza kuchotsa zapakati pang'onopang'ono. Choipa chake ndi fumbi lofiira lomwe mudzalipeza ngakhale mu shuga, choncho tulutsani katundu ndi kuvala chotchinga maso ndi mphuno. Pa khoma lopyapyala ine ndimakonda njira yachitatu: kuboola timabowo tambirimbiri ndi dirilo kuzungulira mzere wa bokosi, mutamata selotepi pachoboolera kuti musapyole kuya kofunika, kenako kugoba mopepuka. Imachedwa, koma njerwa siithawa.

Mabuloko a simenti amphako ali ndi khalidwe lawo. Chikhungwa chake n'chopyapyala, mukangogoba mwafika kale m'phanga, ndipo bokosi limasowa potsamira. Pamafunika kutsekamo ndi matope a simenti kaye. Khoma la zidina ndiye sindingalimbikitse n'komwe kuligoba, chifukwa bokosi limayamba kugwedera mukamazula pulagi tsiku ndi tsiku.

Bokosi lenilenilo anthu saliganizira, chonsecho ndi pamene pamayambira mavuto ambiri. Achitsulo amapezeka akuya 25 mm, 35 mm ndi 47 mm. La 25 mm limasangalatsa wogoba chifukwa ntchito imachepa, koma mukalowetsamo mawaya a 2.5 mm² awiri a laivi, awiri a nyutulo ndi awiri a efi (waya wachitetezo wolumikizidwa kunthaka), malo amatha. Soketi mumachita kuikankha mokakamiza, waya n'kupanikizika kapena kusololoka pasikuluu yake. Waya wosagwira bwino amatentha, ndipo ndi komwe kumachokera kafungo ka pulasitiki yopsa kaja. Tengani la 35 mm, makamaka ngati soketi yake ndi ija yokhala ndi potchajira foni, poti kumbuyo kwake n'konenepa. La 47 mm lisiyireni swichi ya kuka. Lachitsulo ndi lolimba, koma limachita dzimbiri pakhoma lachinyezi, ndipo liyenera kulumikizidwa ku efi. Pabowo lolowera waya pakhale mphira kapena cholumikizira paipi kuti chitsulo chisacheke waya. Lapulasitiki silichita dzimbiri, koma lotchipa kwambiri limapindika simenti ikalifinya, ndiye masikuluu a soketi amakana kulowa.

Soketi yapamwamba ilibe zonsezi. Mabowo awiri kapena anayi a dirilo, timapulagi ta m'khoma togwira masikuluu, masikuluuwo, waya n'kudutsa mu thiranki (kangalande koyera kapulasitiki kokhala ndi chivundikiro, kokhomera pakhoma), ntchito yatha tsiku lomwelo. Pakavuta mumangotsekula chivundikiro n'kuona waya yense. Ngati muli pa lendi, iyi ndiye yoyenera kuwapempha alandilodi, chifukwa ndi ochepa angalole kuti muwagobere khoma. Kunja kwa nyumba, m'galaja kapena m'shopu, imathandizanso. Yakunja ikhale ija yokhala ndi chivundikiro choteteza ku mvula. Kuipa kwina kwa soketi yapamwamba ndi maonekedwe, komanso mphemvu zimakonda kubisala mu thiranki ya kukhitchini.

Chinthu chimodzi chimene soketi yolowa m'khoma imafuna kwambiri ndi mwambo pa njira ya waya. Paipi ichoke pasoketi molunjika kukwera kapena kutsika, kapena mopingasa mowongoka, osati modutsa chamtanda pofuna kusunga waya. Patapita zaka wina adzakhoma msomali wa kalendala, ndipo chomuteteza ndi kudziwa kuti waya ali pamzere wa soketi. Ine ndinajambula makoma onse pafoni asanapake pulasitala. Kangalande kopingasa kasakhale kakuya, kamafooketsa khoma kuposa koimirira.

Kugoba ndi kumata bokosi mutha kupanga nokha, mutathimitsa meni swichi ngati m'khomamo muli kale mawaya. Bokosi likhale pa levulo, lisatuluke kupitirira nkhope ya pulasitala, ndipo mutsekemo ndi pepala kuti simenti isadzaze mabowo a masikuluu. Kulumikiza mawaya asiyireni amisiri okhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo muwaone akuyeza ndi tesita asanagwire waya. Magetsi akakhala kuti azima dera lonse, musatenge ngati chitetezo, amabwera osagogoda.