Gram ndi mayeso apamanja, API, MALDI-TOF kapena 16S: tigwiritse iti pa bakiteriya wa m'madzi ndi m'dothi?

Anzanga a m'malabu, funso limeneli limangobwerabwera, makamaka kwa ophunzira amene apatsidwa pulojekiti yoti akatunge madzi a pachitsime kapena akatape matope kudambo, akuze mabakiteriya, kenako anene kuti ameneyu ndi ndani. Njira zinayi zonsezi ndagwirapo nazo ntchito, zina ndi manja angawa zina pochita kutumiza sampulo kwina, ndiye ndati ndiziyike pamodzi mmene ndinaziwonera.

Chimene ambirife sitiuzidwa poyamba n'choti zida zambiri zodziwira bakiteriya anazipangira chipatala, magazi, mkodzo, chimbudzi cha odwala, osati dothi ayi. Ngakhale kakuzidwe kake n'kosiyana. Tinazolowera 37°C usiku umodzi basi, koma ambiri a m'madzi safuna kutentha kumeneko ndipo safunanso chakudya chonona, amamera bwino pa R2A agar, chakudya chosanona chokuzirapo mabakiteriya, pakati pa 20 ndi 28°C ukawadikira masiku 5 mpaka 7. Ndipo amene amalola kumera pa puleti ndi ochepa zedi poyerekeza ndi amene alimo m'dothimo, ndiye chimene mwachipezacho ndi kachigawo chabe.

Tiyambe ndi Gram ndi mayeso apamanja, poti ndi amene aliyense angakwanitse. Utoto umenewu ndi wakalekale, Hans Christian Gram anautulukira mu 1884, koma mpaka pano sindinaone cholowa m'malo mwake. Crystal violet, ayodini, alcohol, safranin, mphindi zosakwana khumi mwadziwa kale ngati ndi timitengo kapena timipira, tapepo (Gram positive) kapena tapinki (Gram negative). Kuwonjezera mayeso oona zimene bakiteriyayo amatha kuchita, monga catalase ndi kadontho ka hydrogen peroxide wa 3%, oxidase, TSI, citrate, indole, motility, ndiye mwafika patali ndithu pa ndalama yochepa, ndipo magetsi akazima zambiri mwa izi mumapitiriza. Palinso zimene maso amaona okha. Tsiku lina ndinatsegula puleti ya dothi la m'munda wa chimanga n'kupeza koloni, kamulu ka mabakiteriya kamene kamera pa puleti, yoyanga ngati mizu yoyera mpaka m'mphepete mwa puleti, ameneyo ndi Bacillus mycoides kawirikawiri, ndipo pambali pake panali timakoloni touma ngati choko togwira agar molimba, inkyubeta yonse ikumveka fungo lija la chizimalupsa, dothi likangonyowa ndi mvula yoyamba. Fungo limenelo ndi la Streptomyces, amatulutsa geosmin, kemikolo imene imanunkhira choncho. Palibe makina amene angakuphunzitseni zimenezo.

Koma njirayi ili ndi misampha yake ndipo imakola anthu ambiri. Bacillus akakalamba pa puleti amayamba kuoneka wapinki ngati Gram negative, ndiye pakani koloni ya maola 18 mpaka 24, ndipo mukakayika yesani KOH wa 3%, akanyamuka ngati therere pa lupu, kawaya kotapira koloni, ndiye kuti ndi negative. Oxidase osatenga ndi lupu ya nichrome, imanamiza, tengani ndi kamtengo. Catalase osatapa pa blood agar poti magaziwo amachita thovu okha. Ndipo muvomereze kuti mathero ake nthawi zambiri ndi genus basi, dzina la gulu lonse monga Bacillus, pamene species, mtundu weniweniwo, n'kungopenekera.

API ndi mayeso omwewa koma a kampani ya bioMérieux anawapanikiza m'kapepala kapulasitiki ka timabowo 20. Mumasungunula koloni, kuthira m'timabowomo, mawa lake kuwerenga mitundu, kupeza nambala ya manambala 7 n'kukayiyika pa apiweb, webusaiti yawo imene imatulutsa dzina. API 20E ndi wa banja la E. coli, Klebsiella, Salmonella, ndipo ngati cholinga chanu n'kuona ngati chitsime chalowa zakuchimbudzi, amagwira ntchito bwino kwambiri, sindingamunyoze. Pali 20NE wa ma Gram negative ena monga Pseudomonas, amene amafuna pafupifupi 30°C, ndi 50 CHB, wa timabowo 50, wa Bacillus. Vuto loyamba ndi lodziwika, amafuna filiji, amatha deti, ndipo kuitanitsa kunja pamene ndalama zakunja zikuvuta mutha kudikira miyezi. Koma vuto lalikulu kuposa pamenepo n'loti API sakonda kunena kuti sindikudziwa, amakupatsani dzina la amene wafanana naye m'kaundula mwake, ndipo kaundulayo wadzaza ndi mabakiteriya a odwala.

Apa ndipamene ndinaphunzira mowawa. Tinali ndi isolate, bakiteriya wopatulidwa payekha, ya madzi a pachitsime chosatetezedwa, Gram negative, oxidase positive, API 20E n'kutipatsa Vibrio fluvialis. Mukudziwa mmene mawu oti Vibrio amagwedezera mtima kuno ku Malawi chichitikireni kolera ya 2022 ndi 2023 imene inatenga anthu oposa 1,700, ngakhale fluvialis si amene amayambitsa kolera. Tisanalembe lipoti tinamuyika mu nutrient broth yopanda mchere ndi ina ya mchere wa 6%, anamera yopanda mchereyo, ya mchereyo ayi, pamene fluvialis sachita popanda mchere. Anali Aeromonas, ndipo kusokonekera kwa awiriwa pa API n'kodziwika kale. Timachubu tiwiri totchipa ndi timene tinatipulumutsa kuti tisakaopseze mudzi wonse ndi dzina lolakwika.

MALDI-TOF ndiye liwiro lake n'lodabwitsa zedi. Mumapaka kakoloni pa chitsulo, kudontheza matrix, mankhwala othandiza laser kunyamula mapuloteni, nthawi zina formic acid kaye ngati ndi Gram positive wakhungu lolimba, laser n'kuwomba, makina n'kuwerenga mapuloteni makamaka a ribosome, mphindi zochepa dzina latuluka. Pa makina a Biotyper a kampani ya Bruker sikoo ya 2.0 kupita m'mwamba ndi species, 1.7 mpaka 1.99 ndi genus, kutsika apo musakhulupirire. Sampulo imodzi siidula koma makinawo ndi odula koopsa, amafuna magetsi osadukiza ndi injiniya wowakonza, ndiye ambirife timangowamva kapena kuchita kupempha malo kwa amene ali nawo. Ndipo matenda ake ndi omwewo a kaundula, mukamupatsa ma isolate a m'dothi ena ndithu amabwera opanda dzina. Chimene ndimamukondera n'choti iye amavomera kuti sakudziwa. Koma E. coli ndi Shigella samawasiyanitsa.

16S rRNA, kuwerenga jini ya RNA ya m'ribosome, ndi imene ine ndimayidalira pa za kutchire. Carl Woese ndi George Fox ndi amene anaonetsa mu 1977 kuti RNA imeneyi ingatiuze ubale wa tizilomboti, ndipo bakiteriya aliyense ali nayo jiniyo, yotalika ma base pafupifupi 1,500. Kuchotsa DNA, kuchulukitsa jiniyo pa PCR ndi ma primer a 27F ndi 1492R, kuona bandi pa gel, kutumiza ku sequencing kuti akawerenge ndondomeko ya ma base, ambiri kuno timatumiza ku South Africa kapena kutali kuposa apo, kenako kuyerekeza ndi kaundula wa pa intaneti, BLAST pa NCBI kapena EzBioCloud. Ubwino wake kaundula wake ndi waukulu kwambiri ndipo muli a m'dothi, a m'nyanja, a m'mizu ya nyemba, onse. Kufanana kukatsika pansi pa 98.7% ndi type strain, bakiteriya woimira species imeneyo, ndiye kuti mwina muli ndi species ina, koma kukwera pamwamba apo sikutanthauza kuti mwamugwira ayi, Bacillus cereus, thuringiensis ndi anthracis pa 16S ali ngati mapasa, ma Aeromonas nawonso amafuna jini ina monga gyrB kapena rpoD. Pa BLAST osangotenga mzere woyamba eti, m'GenBank, kaundula wa NCBI, aliyense amaponyamo zake ndipo maina olakwika alimo, sankhani kuti ikuyerekezereni ndi ma type strain. Ndipo kudikira kwake ndi masabata, kulipira kwake m'madola.

Chimene chimandiwawa n'kuona wophunzira watumiza ma isolate 30 ku sequencing ndi ndalama yochita kusonkha, theka n'kubwera chromatogram, chithunzi cha zotsatirazo, yosanjikizana poti ma culture anali osakanizika, theka linalo ndi Bacillus mmodzimodzi kubwerezabwereza. Ine ndimachita streak, kupaka koloni imodzi pa puleti yatsopano, katatu mpaka Gram ionetse mtundu umodzi wokha, kenako catalase, oxidase ndi maonekedwe a koloni n'kuwayika m'magulu, 30 aja amatsala mwina 8. API ndimatulutsa pokhapokha ali Gram negative, oxidase negative, wamera pa MacConkey agar. MALDI ngati mwayi ulipo ndimaponyapo onse poti siichedwa. Otsalawo, mmodzi pagulu lililonse, ndi amene amapita ku 16S, ndipo ndisanatumize ndimasunga aliyense mu glycerol wa 20% mufiriza ndi wina pa slant, agar yopendeka m'chubu, chifukwa zotsatira zikamabwera patatha mwezi puleti ija imakhala itauma kale kapena yamera nkhungu.