Miyezi 9 ndikukwera sitima yakaunjika ya ku London kuno ku Isle of Wight

Paja nditangofika kuno ku Isle of Wight, chilumba cha kummwera kwa England, ndinanenako kuti sitima imene ndimakwera popita kuntchito ndi yakaunjika, ena mpaka kufunsa kuti kodi azungunso amatola zosiya anzawo? Pano yakwana miyezi 9 ndikuikwera pafupifupi tsiku ndi tsiku, kukwerera pa Ryde St John's Road kukatsikira ku Shanklin komwe ndimasamalira agogo, ndiye ndati ndinene mmene ndaionera.

Njanji yake ndi yaifupi, siikwana makilomita 14 kuchokera ku Ryde Pier Head, pomwe pamakocheza boti la ku Portsmouth, kukafika ku Shanklin. Mabogiwa ankayenda pa District line, imodzi mwa njanji za sitima za pansi panthaka ku London, anapangidwa ndi Metro-Cammell ku Birmingham cha m'ma 1980, ndiye London itagula atsopano kampani ya Vivarail inawatenga nkuwakonzanso, ndipo anayamba kunyamula anthu kuno pa 1 November 2021 ndi dzina loti Class 484. Omwe analipo kale analinso a ku London komweko, a 1938, tangoganizani, anagwira ntchito zaka zoposa 80. Agogo ena omwe ndimawasamalira amati akalewo ankadumphadumpha moti munthu umachita kugwiritsa mpando. Chomwe amatengera za ku London ndi tanelo ya ku Ryde, denga lake ndi lotsika ndiye sitima zambiri za kumtunda sizingadutsemo.

Ine chimene chandigwira mtima ndi ichi, chakale pa sitimayi makamaka ndi chigoba ndi mafelemu a matayala. Chigobacho ndi cha aluminiyamu ndiye sichichita dzimbiri ngati chitsulo wamba, ndipo kuno mphepo yake ndi yamchere heve, nthawi yozizira mafunde amachita kuwaza sitima ikamayenda pamwamba pa nyanja pa mlatho wopita ku Ryde Pier Head. Koma ma mota anaikamo ena, mipando ina, magetsi, ma sikirini onena siteshoni yotsatira, potchajira foni pa USB, malo a wheelchair. Sizili ngati galimoto zina za ex-Japan zomwe timangozipaka polishi injini ili yomweyo yotopa ayi, apa anachita kuipasula nkuimanganso. Ndikaweruka shifiti ya usiku nditatheratu ndimakhala pansi, foni pa chaja, mkati mofunda bwinobwino, ndipo mwana wa mnzanga amene amayenda pa wheelchair amalowa osavutika poti mapulatifomu anawakonzanso kuti alingane ndi khomo.

Zondidandaulitsa zilipo ndithu. Mulibe toilet, ulendo ndi waufupi inde koma ndinayendapo ndi gogo wina wa matenda a shuga ndipo mtima unali mmwamba njira yonse. Zitseko ndi za chitseko chimodzi chimodzi monga zinalili ku London, ndiye July ndi August alendo akadzaza ndi masutikesi ndi ma pram opita ku Sandown kukasambira mumapanikizana pakhomo, makamaka ikabwera ya mabogi awiri okha osalumikiza ina.

Koma nkhawa yanga yeniyeni ndi nambala. Masitimawa alipo 5 basi, iliyonse mabogi awiri, ndipo Vivarail yomwe inawakonza ija inagwa mu December 2022. Ndiye ndikamadutsa pa depoti pa St John's Road nkuona imodzi itaima mkati ndimayamba kuwerengera kuti zatsala zingati panjanji, komanso kuti masipeya a chinthu chomwe wochipanga kulibenso azichokera kuti zaka zikubwerazi. Kwa ife ogwira ntchito yosamalira anthu kuchedwa si nkhani yaing'ono, mnzako wa usiku sangachoke iwe usanafike, ndipo agogo akudikira mankhwala a mmawa.

Tikiti ya mwezi ndagulanso sabata yathayi, ndipitiliza kuikwera. Basi ilipo koma imazungulira, sitimayi mphindi zosakwana 20 ndafika.