Kasinja wa Tamiya ndi weniweni, koma katumizidwe kake kanandipsetsa mtima

Ndapereka nyenyezi 3 pa 5. Ziwiri zachokazo ndi za mnyamata wogulitsa, katunduyo alibe mlandu.

Ndinaitanitsa M3 Stuart wa kampani ya Tamiya, kasinja wamng'ono wa pulasitiki wobwera m'tizidutswa toti ulumikize wekha, wa sikelo ya 1/35 (wochepa ka 35 poyerekeza ndi kasinja wa ku nkhondo), kwa mnyamata uja wa ku Lilongwe amene amatibweretsera zinthu kuchokera ku Joni. Amene munagulako kwa iye mitengo yake mukuidziwa. Ine ndinalipira K118,000 pa Mpamba, ya kasinjayo, timabotolo titatu ta penti ndi kabotolo ka guluu wa chivindikiro chobiriwira. Sindinanenerere ngakhale kwacha imodzi. Chimene ndinapempha n'chimodzi: katunduyo amusunge, ndidzatenga ndekha ndikapita ku tauni kumapeto kwa mwezi.

Lachinayi lina m'mwezi wa Okutobala, cha m'ma 10 koloko, foni inalira. "Madala, katundu wanu ndakweza minibasi, mukadikire pa Kamuzu Road." Ndani anamuuza? Aliyense wa kuno ku Salima akudziwa mmene Okutobala amawotchera, phula limachita kufewa. Ndinasiya ntchito, ndinakwera kabaza, n'kukaima pa siteji kuyambira 11 koloko. Nambala ya kondakitala imene anandipatsa sinkapezeka. Minibasi iliyonse yochokera ku Lilongwe ndinkaithamangira ngati woitanira. Ulendo wa makilomita pafupifupi 100 unatenga mpaka 4 koloko kupitirira, akuti galimoto inafera panjira.

Itafika, kondakitala anasolola bokosi langa kuseri kwa mpando wa dalaivala, paja pamatentha chifukwa injini ili pansi pake. Pamwamba pake panali thumba la mbatatesi. Bokosilo analikulunga m'jumbo imodzi yokha, popanda katoni, popanda ngakhale nyuzipepala. Ndisanatsegule n'komwe fungo linandiuza zonse. Amene munagwiritsapo ntchito guluu ameneyu mukulidziwa fungo lake. Mnyamatayo anaika kabotoloko m'kati mwa bokosi la kasinja momwemo, chivindikiro chinakhwefuka ndi kugwedezeka kwa galimoto, guluu yense n'kutayikira pa tizidutswa.

Apa ndiye pamene pali nkhani. Guluu ameneyu samata ngati wa mapepala kapena wa matabwa. Ndi wamadzimadzi, ndipo ntchito yake ndi kusungunula pulasitiki kuti tizidutswa tiwiri tilowane tikhale chinthu chimodzi. Kadontho ka pansonga ya burashi kamakwana. Tsono ganizani botolo lonse, pamalo otentha, kwa maola angapo. Chidutswa choimira chitsulo chotchinga matope cha kumanzere chinapindika ngati chikopa chowauka, ndipo timitu ta misomali ta m'mbali mwa thupi la kasinjayo, tomwe ndi ulemerero wa Stuart, tinafufutika mbali imodzi pafupifupi theka. Ndipo zikanapeweka. Mafelemu a tizidutswa amabwera m'timapepala ta pulasitiki tomata kuchokera ku fakitale. Anga anali otsegula. Madzulo omwewo ndinaona chifukwa chake: zithunzi za mafelemu anga zili pa tsamba lake la Facebook, atawayala pa tebulo kuitanira makasitomala ena. Katundu wolipiridwa kale, wa mwini wake!

Ndinamuimbira ndili pa siteji pomwepo. Ndinayankhula mwaulemu, ndinati achimwene, katundu wafika wowonongeka. Yankho lake silinandichoke m'mutu mpaka lero. "Aaa madala, musadandaule kwambiri, si kachidole chabe kameneko? Mwanayo sangaone kusiyana."

Ndili ndi zaka 58 ndipo palibe mwana amene ndinkamugulira. Malemu bambo anga anali msilikali wa King's African Rifles (KAR). Anapita ku Burma ndi 11th East African Division, ndipo mu 1944 anayenda m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula, kulowera ku mtsinje wa Chindwin. Sankakonda kukamba za kuwomberana. Zimene ankatiuza tili ana zinali matope ofika m'mawondo, misundu yolowa m'majombo, ndi malungo amene anagwetsa anzawo ambiri. Akasinja a mtundu wa Stuart anagwira ntchito ku Burma, ang'onoang'ono, a anthu 4 m'kati ndi mfuti ya 37mm, ndipo Angerezi ankawatchula kuti Honey. Chimene ndinkafuna n'kupanga diorama, kachigawo ka msewu wa matope ndi nsungwi m'mbali, kuti adzukulu anga akamamva dzina la Burma aziona ndi maso. Chipilala cha asilikali a KAR chili ku Zomba, kutali ndi kuno. Ine ndinkafuna kanthu ka pa shelefu m'nyumba mwanga. Munthu amene ukugulitsa zinthu zimenezi n'kumazitcha zidole, ndiye kuti sudziwa chimene ukugulitsa.

Ndalama anakana kubweza. Akuti mlandu ndi wa kondakitala.

Bokosilo linakhala pamwamba pa kabati masiku 9 osalikhudza. Mayi a kunyumba ndi amene anati, bambo, mwalipira kale, tayesani kaye musanataye. Ndinabwereka guluu pang'ono kwa mnzanga wa ku Senga Bay amene amapanga ndege, n'kuyamba.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa mtima unayamba kutsika pa tsiku loyamba lomwelo. Tizidutswa ta Tamiya timalowana mosakakamiza. Thupi la pansi, mawilo, mutu wozungulira uja wokhala ndi mfuti, zonse zinakhala m'malo mwake popanda mpata woti nditseke. Kabuku ka malangizo n'kojambulidwa bwino moti ngakhale wosadziwa Chingerezi atha kutsatira manambala. Kasinja yense akatha ndi wa masentimita pafupifupi 13, amakwana pachikhatho, koma zitseko, nyali ndi zida zomangirira kumbuyo zonse zimaoneka. Kumbukirani kuti m'bokosi mulibe guluu kapena penti, zimenezo n'zogula padera.

Mbali yowonongeka ija ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinakumbukira kuti kasinja woyenda m'nkhalango sakhala wosalala. Chitsulo chopindikacho ndinachipala ndi sandipepa kuti chipyapyale m'mphepete, n'kuchisiya chopindika momwemo ngati chinagunda mtengo. Pamene misomali inafufutika ndinapakapo matope okhuthala n'kupachikapo lona wopinda, amene ndinapanga ndi tishu woviika m'guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi. Anthu amene abwera kudzaona amaloza mbali imeneyo kuti ndiyo yooneka yeniyeni. Izi sizikuchotsa mlandu wa wogulitsa, chonde tisasokoneze.

Penti amene ananditumizira ndi wabwino, koma anzanga a m'mbali mwa nyanja samalani. Masana kuno amauma pa burashi usanafike n'komwe pa pulasitiki, n'kusiya mizere. Ine ndinkapenta m'mamawa cha m'ma 5 koloko, kusanatenthe, wosungunula bwino, katatu mopyapyala m'malo mwa kamodzi mokhuthala. Wobiriwirayo atauma ndinathira penti wakuda wosungunula kwambiri kuti alowe m'ming'alu ndi kuzungulira misomali, kenako ndinadutsitsa burashi youma yokhala ndi penti wowalirapo pang'ono m'makona monse. Zokalika za m'mphepete mwa zitseko ndinadinda ndi kachidutswa ka siponji yotsukira mbale.

Zokalambitsira kasinja sindinagule chilichonse, ndipo musalole wina akuuzeni kuti popanda timabotolo ta ufa wa kunja simungathe. Matope ndi dothi la kuseri kwa nyumba, losefa ndi sefa ya tiyi, losakaniza ndi guluu wa matabwa ndi khofi pang'ono kuti lide ngati lonyowa. Mwaye wa potulukira utsi ndi makala opera. Dzimbiri ndinalipeza poviika misomali yakale m'viniga kwa sabata, koma ikani lochepa, pa potulukira utsi ndi pa fosholo basi, chifukwa kasinja amene ali pa nkhondo sachita dzimbiri ngati galimoto yotayidwa. Mchenga wa kunyanja ndinauyesa ndipo ndinauchotsa. Pa sikelo imeneyi kamchenga kamodzi kamaoneka ngati mwala, sukhala matope ayi. Nsungwi ndinapanga ndi timapesi ta udzu wouma, masamba ake ndi pepala lodula ndi lezala, ntchito ya mausiku 4. Dothilo muyambe mwaliwotcha pa chiwaya lisanapite pa thabwa, apo ayi tizilombo timatulukamo.

Patatha masabata awiri, mtsikana wina anandiimbira kuti ali pa Kamuzu Road ndi kaphukusi kanga. Anali mlongo wake wa mnyamata uja, akupita kunyanja. M'kaphukusimo munali botolo latsopano la guluu, lokulunga m'nsalu ndi kumata ndi tepi, laulere. Mtsikanayo anapereka ndi manja awiri n'kunena kuti pepani bambo, achimwene analakwitsa. Mwini wakeyo mawu amenewo sanawanene mpaka lero, koma botololo ndinalandira, ndipo ndi chifukwa chake nyenyezi zili 3 osati 2.

Nditamutumizira chithunzi cha ntchito yomalizidwa, anayankha msangamsanga kupempha kuti achiike pa tsamba lake. Ndinakana.

Kodi ndidzagulanso kwa iye? Inde, chifukwa wina wobweretsa zinthu zimenezi pafupi sindikumudziwa, ndipo katundu wake si wachinyengo. Msewu wanga wa matope ukadali wopanda anthu, ndiye ndaitanitsa asilikali oyenda pansi, amene ndidzawapente khungu lakuda ndi kuwaveka zipewa za mlomo waukulu ngati chimene bambo anavala pa chithunzi chawo. Ndamuuza kuti theka la ndalama ndidzapereka ndikadzaona bokosi lili lomata, m'manja mwanga, ku Lilongwe komweko.